Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka kanjedza wa areca, pabwalo ndi mumphika

Kanjedza amene amapezeka pakhonde la maofesi, m'malo ogona alendo kunyanja komanso m'mbali mwa mipanda m'matauni, uja wa mapesi ambirimbiri achikasu ophukira malo amodzi, ogulitsa maluwa amamutcha areca kapena golden cane. Kwawo ndi ku Madagascar, chakum'mawa kwa chilumbachi komwe kumatentha ndiponso kumagwa mvula yambiri. M'mabuku a zomera mumupeza ndi dzina lakuti Dypsis lutescens kapena Chrysalidocarpus lutescens. Akadzalidwa panthaka amafika mamita 6 mpaka 8, pena kuposa, koma mumphika wa m'nyumba kawirikawiri amalekera pa mamita awiri kapena awiri ndi theka. Alibe minga, kusiyana ndi kanjedza wathu wa m'madambo, ndipo galu kapena mphaka akatafuna masamba ake sadwala.

Si mtengo wovuta. Ambiri amene amafa amaphedwa ndi eni ake omwe, chifukwa chowasamalira monga mmene amasamalirira mango kapena mapeyala. Thupi la kanjedza ndi lina, ndipo pali zinthu zitatu zoti muzidziwe musanagwire khasu.

Choyamba, phesi lililonse limakulira pamalo amodzi okha, pansonga pomwe pamatuluka tsamba latsopano. Mukadula nsongayo, kapena ikawola, phesi limenelo latha. Silidzaphukanso nthambi m'mbali. Chachiwiri, phesi la kanjedza likavulala bala lake silipola. Pomwe mwakhoma msomali kapena pomwe chikwakwa chatema pamakhala choncho mpaka kalekale, ndipo matenda amalowera pomwepo. Chachitatu, mizu yake imatuluka pansi penipeni pa phesi, siinenepa, ndipo imafuna mpweya. Ikakwiriridwa mozama kapena ikakhala m'madzi masiku angapo imawola. Malangizo onse amene akutsatirawa akuchokera pa zitatuzi.

Kusankha mbande pa nazale

Musathamangire mbande yaitali kuposa zonse. Utali nthawi zambiri umangosonyeza kuti inakulira pamthunzi wambiri ikusakasaka dzuwa, ndipo mapesi ake amakhala oonda. Sankhani yotalika masentimita 60 mpaka mita imodzi, ya mapesi asanu kapena kuposa, yamasamba obiriwira mpaka m'munsi.

Kokani pang'ono tsamba lamkati, lija lisanatambasuke. Liyenera kukhala lolimba. Likasolola mosavuta, kapena pansi pake pakamanunkha, mtima wawola ndipo mbande imeneyo isiyeni. Tembenuzani masamba muone kunsi kwake, musuzumirenso m'makwawa momwe tsamba limagwirana ndi phesi, chifukwa tizilombo timabisala mmenemo. Kenako nyamulani chubucho. Ngati mizu yaboola pulasitiki n'kulowa pansi ndipo ogulitsa achita kuizula pomwe mwafika, mbandeyo ikafota kunyumba. Mukhoza kuigula ndithu, koma muisunge kaye pamthunzi milungu iwiri kapena itatu mukuithirira musanaidzale.

Afunseni ogulitsawo ngati mbandezo zinali padzuwa kapena pansi pa chisakasa. Funso limeneli ndi lofunika kuposa la mtengo wake. Kanjedza wokulira pamthunzi mukamuika padzuwa la Okutobala tsiku lomwelo, pakatha masiku atatu masamba amakhala atawauka, atayera mbuu ngati apsa ndi moto. Muzolowezeni pang'onopang'ono: mlungu woyamba aziona dzuwa lam'mawa lokha mpaka cha m'ma 9 koloko, mlungu wachiwiri mpaka masana, wachitatu ndiye mumudzale.

Malo

Kunyanja, monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga, areca amakula msanga chifukwa kumafunda chaka chonse. Ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu amachitanso bwino, kungoti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti amaima kukula, ndipo masamba ena amachita chikasu ndi kuzizira. Zimenezi si matenda. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15 kanjedzayu amangokhala phee, ndipo chisanu chenicheni chimawaula masamba. M'madera okwera ngati Dedza ndi ku Viphya, mudzaleni pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, lomwe limalandira dzuwa m'nyengo yozizira n'kumafunditsa usiku. Musamuike m'chigwa kapena m'mbali mwa dambo, chifukwa mpweya wozizira umatsikira kumeneko. Ku Chikwawa ndi Nsanje vuto ndi dzuwa lamasana ndi madzi amchere, choncho kumeneko malo abwino ndi omwe amalandira mthunzi kuyambira masana.

Padzuwa lonse mapesi ndi masamba amafiirira chikasu, pamthunzi wapakatikati amabiriwira kwambiri. Zonse ndi zabwino, zimangotengera maonekedwe amene mukufuna. Mphepo yamphamvu, monga mwera wa kunyanja, imang'amba timasamba n'kuumitsa nsonga zake, ndiye malo otetezedwa ndi mpanda kapena nyumba ndi abwinoko.

Mizu ya areca siigumula maziko a nyumba monga imachitira ya mitengo ikuluikulu, koma chitsamba chimakula m'mbali chaka ndi chaka. Talikirani khoma ndi mita imodzi ndi theka. Ngati mukufuna mpanda wotchinga kuti anthu asamaone pabwalo, dzalani motalikirana mita imodzi mpaka imodzi ndi theka. Pansi pa mawaya a magetsi ayi, chifukwa kanjedza sadulidwa pamwamba.

Kudzala panthaka

Nthawi yabwino ndi pomwe mvula yakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Ngati muli ndi madzi okwanira mukhoza kudzala kuyambira Seputembala nthaka ikafunda. Mu Juni ndi Julaye pewani, chifukwa mizu siiyenda m'nthaka yozizira ndipo mbande imangokhala m'dothi lonyowa mpaka kuwola.

Yambani ndi kuyesa nthaka. Kumbani dzenje lakuya masentimita 40, mudzazemo madzi, mubwerenso mawa lake m'mawa. Mukapeza madzi atalowa onse, malowo ndi abwino. Mukawapeza adakali chikhalire, ndiye kuti pamenepo ndi palowe, ndipo mumakande zimenezi zimachitika kawirikawiri. Pamalo otere musakumbe mozama n'kuthiramo mchenga, chifukwa dzenjelo limasanduka chitsime chosunga madzi onse a pabwalo. Undani mtumbira wotalika masentimita 25 mpaka 30, wotambalala mita imodzi, mudzale pamwamba pake.

Panthaka yolowa madzi bwino, kumbani dzenje lotambalala kawiri kapena katatu kuposa chubu, koma kuya kwake kufanane ndi dothi la m'chubumo. Kwa mbande ya m'chubu cha masentimita 25, dzenje likhale masentimita 60 mpaka 70 m'mimba mwake. Dothi lapamwamba muliike padera. Pa katondo, temani m'mbali mwa dzenje ndi khasu kuti musakhale mosalala, poti khoma losalala limabweza mizu n'kumangozungulira m'dzenjemo.

Sakanizani dothi lapamwamba lija ndi ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino kapena kompositi. Manyowa okhwima amakhala akuda, ozizira mukapisamo dzanja, ndipo sanunkha ndowe. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, musaziyese n'komwe. Feteleza wa m'thumba musathire m'dzenje.

Thirirani mbande madzulo a tsiku loti mawa mudzala. Podzala ng'ambani chubu ndi mpeni m'malo mokoka mapesi. Mizu musaimasule kapena kuisasa dothi. Ngati yapota kwambiri pansi, ingoilekanitsani pang'ono ndi zala. Khazikani mbande m'dzenje, mugoneke mpini wa khasu modutsa pakamwa pa dzenjelo, ndipo muone kuti pamwamba pa dothi la m'chubu pakukhudza mpiniwo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amakwirira mapesi masentimita 10 kapena 15 poganiza kuti mtengo ulimba, koma pakatha chaka masamba atsopano amatuluka achikasu ndi aafupi, ndipo palibe feteleza amene angakonze zimenezo kupatula kufukula. Kudzala pamwamba kwambiri nakonso n'kolakwika, chifukwa mizu yatsopano imatulukira pamphepo n'kuuma isanafike m'dothi.

Bwezerani dothi theka, thirani madzi kuti likhazikike, kenaka malizani n'kutsendera ndi manja. Pangani kabeseni kozungulira masentimita 40 kuchokera pamapesi, muthiremo malita 20. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, kukhuthala kwake masentimita 5 mpaka 8, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira mapesi. Zophimbira zikagunda phesi zimaitana chiswe ndipo zimasunga chinyezi pamalo osafunika.

Ngati mvula sikugwa, thirirani malita 10 tsiku lililonse kwa milungu iwiri, kenako malita 20 kawiri kapena katatu pamlungu mpaka miyezi itatu. Akagwira, kamodzi kapena kawiri pamlungu m'chilimwe n'kokwanira, bola madziwo akhale ambiri olowa pansi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumasunga mizu pamwamba, ndipo mukadzachokapo mlungu umodzi mtengo umafota. Mvula yambiri ikayamba, gumulani kabeseni kaja kuti madzi asamaime.

Mumphika

Mphika ukhale ndi mabowo pansi, atatu kapena anayi oti chala n'kulowa. Miphika yambiri ya simenti yogulitsidwa m'mbali mwa misewu imakhala ndi kabowo kamodzi kakang'ono, pena kotsekeka ndi simenti yomweyo, boolani musanadzale. Kukula kwake kupose chubu ndi masentimita 5 okha m'mimba mwake. Mphika waukulu kwambiri umasunga dothi lonyowa lomwe mizu sinafikeko, ndipo kuwola kumayambira kumeneko.

Dothi lake sakanizani chonchi: magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la kompositi wosefa, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Mchenga wosalala wopakira nyumba umatseka dothi m'malo molimasula. Kumene kumalimidwa mpunga, mankhusu ake owauliridwa pang'ono amalowa m'malo mwa theka la mchengawo ndipo mphika umapepuka. Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani pang'ono, fumbatani, kenako tambasulani dzanja. Dothilo ligwirane, koma mukalikhudza ndi chala liphwanyike. Likakhala chibuluma cholimba, onjezerani mchenga.

Chizolowezi choyala miyala pansi pa mphika sichithandiza. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, ndiye amaima pamwamba pa miyalayo, pafupi ndi mizu. Ingovundikirani bowo lililonse ndi phale kapena kachidutswa ka neti kuti dothi lisatuluke, ndipo mphikawo muukhazike pa njerwa ziwiri.

M'nyumba, muikeni pafupi ndi zenera lolowa kuwala kwambiri, makamaka loyang'ana kum'mawa. Pakona ya mdima sakhalitsa: masamba am'munsi amauma limodzilimodzi, atsopano osatuluka. Pamalo powomba mphepo ya makina oziziritsa m'chipinda pamaumitsa nsonga za masamba. Tembenuzani mphika pang'ono pakatha milungu iwiri iliyonse kuti asapendekere kuzenera. Ogwira ntchito m'maofesi ena amakhala ndi miphika iwiri, wina mkati wina pamthunzi panja, n'kumasinthanitsa mwezi ndi mwezi, ndipo njira imeneyi imagwira bwino ntchito.

Kathiriridwe kake musatsate kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva kuuma, thirirani mpaka madzi atuluke pansi, ndipo otsalira m'mbale muwataye pakatha theka la ola. Mu Okutobala zimenezi zikhoza kukhala masiku awiri aliwonse, mu Julaye kamodzi pamlungu kapena kuchepera apo.

Mtundu wa madzi nawo ndi nkhani, makamaka mumphika momwe mchere ulibe kothawira. Areca sagwirizana ndi madzi amchere komanso okhala ndi fluoride wambiri. M'madera momwe ana amakula ndi mano ofiirira chifukwa cha madzi a pamjigo, monga mbali zina za Nathenje, madzi omwewo amawotcha nsonga za masamba a kanjedzayu. Kugoneka madzi a pampopi m'ndowa usiku wonse kumachepetsa klorini, koma mchere ndi fluoride sizichoka. Madzi amvula ndiye abwino koposa, choncho kingani m'migolo. Mukaona zoyera ngati ufa m'mphepete mwa mphika kapena pamwamba pa dothi, tulutsani mphikawo panja, muthire madzi abwino ochuluka kawiri kapena katatu kuposa kukula kwa mphikawo, muwasiye atuluke onse. Chitani zimenezi pakatha miyezi itatu iliyonse.

Kusintha mphika n'kwa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, mizu ikayamba kutulukira m'mabowo kapena madzi akamangodutsa osanyowetsa dothi. Areca sadandaula kukhala mothinana pang'ono.

Chakudya, ndi zimene masamba akunena

Kanjedza amafuna kwambiri potaziyamu ndi maginiziyamu, ndipo feteleza amene ambiri ali naye m'nyumba ndi wa chimanga. Werengani nambala zitatu za pathumba. Yoyamba ndi nayitrojeni, yachiwiri fosiforasi, yachitatu potaziyamu. Chitowe wa 23:21:0+4S nambala yake yachitatu ndi ziro, ndipo urea ndi CAN alibenso potaziyamu. Mukamathira amenewa okha, kanjedza amatulutsa masamba mothamanga, ndipo posowa potaziyamu m'dothi amakamutenga m'masamba akale. Zotsatira zake mtengo umaoneka woipa kuposa womwe sunathiridwe kanthu. Feteleza wopangidwira akanjedza amakhala ndi nambala ngati 8:2:12 ndi maginiziyamu wowonjezera. Akasowa, funani aliyense amene nambala yachitatu ikufanana kapena kuposa yoyamba, monga mitundu ina yothira fodya ndi mbatatesi, kapena onjezerani sulphate of potash pa amene muli nayeyo. Superphosphate mupewe, chifukwa amakhala ndi fluoride.

Muyezo wake: mbande yongodzalidwa kumene idikire miyezi iwiri kapena itatu. Kenako thirani magalamu 50, omwe ndi pafupifupi masupuni akuluakulu atatu, katatu pachaka, mu Seputembala ngati mukuthirira, mu Disembala ndi mu Malichi. Chitsamba chachikulu choposa mamita awiri chilandire magalamu 150 mpaka 200 ulendo uliwonse. Mwazani pansi ponse pomwe pafika mthunzi wa masamba, osati kuunjika patsinde, ndipo muthirire nthawi yomweyo. Mumphika wa masentimita 30, supuni yaing'ono imodzi pakatha miyezi iwiri iliyonse m'nyengo yotentha yakwana, dothi likhale lonyowa kale. M'nyengo yozizira musathire. Ndowa imodzi kapena ziwiri za kompositi pachaka, yoyalidwa pamwamba osagaulira, imathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Phulusa lili ndi potaziyamu, koma likachuluka limasintha nthaka moti kanjedza amalephera kuyamwa ayironi ndi manganizi. Dzanja limodzi pachitsamba chachikulu kamodzi pachaka lisapitirire, ndipo mumphika musathiremo.

Masamba akayamba kusintha mtundu, funso loyamba ndi lakuti: ndi akale am'munsi kapena atsopano apamwamba? Yankho lake limakuuzani kumene vuto lili.

Ngati ndi akale, ndipo ali ndi timadontho tachikasu kapena tofiirira toti mukayang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa, nsonga za timasamba zikuuma kuyambira kumapeto kwa tsamba, ndi njala ya potaziyamu. Vuto limeneli ndi lofala kwambiri panthaka yamchenga ya kunyanja, momwe mvula imatsuka chakudya msanga. Ngati akalewo ali ndi mzere wachikasu wotambalala m'mphepete koma pakati pali pobiriwira, ndi maginiziyamu. Mankhwala ake ndi Epsom salt wa ku famase: supuni yaikulu imodzi m'malita 5 a madzi kwa wa mumphika, kapena magalamu 50 mpaka 100 omwaza pansi pa chitsamba cha pabwalo, pakatha miyezi itatu iliyonse. Ziwirizi zimayendera limodzi. Mukathira potaziyamu wambiri yekha, maginiziyamu amayamba kuperewera, ndiye pothira chimodzi muzikumbukira chinzake. Mtengo wonse ukangotuwa mofanana, osakula, ndi nayitrojeni, ndipo ameneyu sachedwa kukonzeka.

Ngati ndi atsopano amene akutuluka achikasu kapena oyereratu, musathamangire feteleza. Kawirikawiri chakudyacho m'dothi chilimo, koma mizu ikulephera kuchiyamwa chifukwa yabanika ndi madzi, yakwiriridwa mozama, kapena nthaka ili ndi laimu wambiri. Zoterezi zimachitikachitika pa nyumba zongomangidwa kumene, pomwe amisiri ankakandira simenti kapena kukwirira zigumukire. Fukulani pang'ono m'mbali muone mizu. Yamoyo imakhala yoyera kapena yofiirira pang'ono ndi yolimba, yowola imakhala yakuda, yofewa, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka. Wa mumphika muzuleni, dulani mizu yowola, mumuike m'dothi latsopano ndipo muchepetse madzi. Tsamba latsopano likatuluka lalifupi, lopotana, lamizere youma, ndi manganizi, ndipo limeneli musalichedwetse chifukwa limapha nsonga. Manganese sulphate amapezeka m'masitolo ena a zaulimi.

Tsamba lomwe lawonongeka silibwerera kubiriwira. Kuchira kumaonekera pa masamba otuluka pambuyo pake, ndipo kuti mtengo wonse usinthe zovala pamatenga chaka kapena kuposa. Musawirikize muyezo chifukwa chakuti pakatha mwezi simukuona kusintha.

Tizilombo

M'nyengo yotentha ndi youma, Seputembala mpaka Novembala, akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa tomato, ndiwo mdani wamkulu wa areca wa m'nyumba ndi wa pakhonde. Masamba amachita timadontho tating'ono totuwa, amataya kuwala kwake, ndipo zikafika poipa pamaoneka ulusi wopyapyala. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba, mugwedeze. Mukaona tinthu ngati fumbi tikuyenda papepalapo, ndi iwowo. Tulutsani mphika, mutsuke kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu, kenako mupopere madzi a sopo: supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale pa lita imodzi. Poperani madzulo, ndipo m'mawa mutsuke ndi madzi oyera. Bwerezani katatu, motalikirana masiku 5 mpaka 7, chifukwa sopo sapha mazira. Sopo waufa wochapira zovala amawaula masamba.

Kodikodi amaoneka ngati tizidutswa ta thonje m'makwawa a masamba. Palinso tizilombo tina tokhala ndi chigoba chofiirira, tomatirira pamsana wa tsamba osayenda. Tonse tiwiri timayamwa madzi a mtengo n'kutulutsa zomata zotsekemera, pomwe pamamera nkhungu yakuda yonga mwaye. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pamapesi, fufuzani, chifukwa zimatsata zotsekemerazo ndipo zimateteza tizilomboto. Tikakhala tochepa, tipukuteni ndi thonje loviika mu sipiriti kapena mutikwecheko ndi mswachi wakale. Tikachuluka, sinjani kilogalamu imodzi ya masamba a nimu, muviike m'malita 5 a madzi usiku wonse, sefani, onjezerani sopo pang'ono, mupopere mlungu uliwonse.

Chiswe chimayamba ndi zouma: zophimbira, makungwa a masamba akale ndi zitsa za mapesi odulidwa. Mtengo wothiriridwa bwino sichiulowa kawirikawiri. Koma mukaona bowa wolimba, wofiirira pamwamba ndi woyera kunsi, atamera m'mbali mwa phesi chapansi, phesilo lawola mkati ndipo mankhwala palibe. Lichotseni ndi mizu yomwe, muliwotche, ndipo pamalopo musadzalenso kanjedza wina.

Kudulira

Areca wamkulu amadzivula yekha: tsamba likauma limathothoka pamodzi ndi chikhungwa chake, n'kusiya mzere wozungulira paphesi. Ntchito yanu ndi kutola. Tsamba lomwe likadali ndi pobiriwira, ngakhale lili ndi madontho, lisiyeni, chifukwa mtengo ukusamutsa chakudya kuchoka mmenemo kupita ku masamba atsopano. Mukalidula, njalayo imangokwera n'kugwira tsamba lotsatira. Nsonga zouma mukhoza kuzimeta ndi lumo, koma mudule mbali youmayo, musafike pobiriwira.

Pa Lamulungu la Kanjedza kapena pokongoletsa ukwati anthu adzabwera kudzapempha masamba. Dulani nokha, limodzi paphesi lililonse, kuyambira am'munsi, ndipo lamkati lija lisakhudzidwe.

Chitsamba chikathinana kwambiri, kapena phesi lina likatalika mopitirira, lidulireni pansi penipeni ndi sowo yakuthwa, m'nyengo youma. Pachaka musachotse kuposa phesi limodzi pa anayi aliwonse. Pukutani sowo ndi sipiriti musanapite pa chitsamba china. Wotchetcha kapinga muwauze asafike pamapesi. N'chifukwa chake ndi bwino kusiya bwalo lophimbira la theka la mita kuzungulira chitsamba. Zinyalala musawotchere pafupi.

Kuchulukitsa

Njira yachangu ndi kugawa. Areca amaphuka ana m'mbali ngati nthochi, ndipo anawo mukhoza kuwapatula mvula ikayamba. Thirirani kwambiri dzulo lake. Sankhani kagulu ka ana atatu kapena anayi a m'mphepete, otalika masentimita 30 mpaka 60. Fukulani ndi manja mpaka muone kuti ali ndi mizu yawoyawo, chifukwa mwana wopanda mizu sagwira ngakhale mutamusamala bwanji. Dulani polumikizira ndi mpeni wakuthwa kapena fosholo, kamodzi n'kamodzi, muzule ndi dothi lomwe. Chotsani tsamba limodzi kapena awiri am'munsi kuti asataye madzi ambiri, dzalani m'chubu pa mlingo womwe analili, muike pamthunzi posawomba mphepo. Dothi likhale lonyowa koma osati matope, feteleza ayi. Pakatha milungu 6 mpaka 8, tsamba lamkati likayamba kutalika, ndiye kuti agwira. Kuti mutsimikize, lembani kamzere ndi cholembera modutsa tsamba lamkatilo ndi loyandikana nalo; mizereyo ikasiyana pakatha mlungu, mbande ikukula.

Ofuna mbande zambiri, monga za malonda, afese njere. Maluwa amatuluka paphesi, ndipo zipatso zake, zotalika pafupifupi masentimita awiri, zimapsa kuchoka kobiriwira kukhala zachikasu chofiirira, kenako zimada. Tcholani zikafiira, mbalame ndi mileme zisanakutsogolereni. Viikani m'madzi masiku awiri kapena atatu, mukusintha madziwo tsiku lililonse, kenako tikitani pa chiguduli mpaka mnofu wonse uchoke, poti mnofuwo umachedwetsa kumera ndipo umaitana nkhungu. Musaziyanike padzuwa kapena kuzisunga miyezi, njere za areca zikauma zimafa. Fesani mlungu womwewo.

Dzazani machubu a masentimita 15 mpaka 20 ndi theka mchenga wa kumtsinje, theka kompositi wosefa. M'chubu chimodzi ikani njere 10 mpaka 15, chifukwa mphika wodzadza bwino umene mumauona pa nazale umakhala mbande zambiri zofesedwa pamodzi. Kwirirani ndi dothi losapitirira sentimita imodzi. Ikani pansi pa chisakasa cholowa theka la dzuwa, ndipo muvundikire ndi waya wa sefa kapena neti chifukwa makoswe amafukula njerezi usiku. Kukamatentha madigiri 27 mpaka 30 zimamera pakatha milungu 6 mpaka 8. Zofesedwa mu Juni zikhoza kukhala miyezi itatu kapena inayi, zina n'kuwoleratu. Tsamba loyamba limatuluka logawikana pawiri, ndipo masamba a nthenga amadza pambuyo pake. Yambani kuthira chakudya chosungunula m'madzi, theka la supuni yaing'ono pa malita 5 kamodzi pamwezi, tsamba lachiwiri likatuluka. Mizu ikadzadza chubu samutsirani gulu lonse m'chubu chokulirapo osalilekanitsa, ndipo yembekezerani zaka ziwiri kapena kuposa kuti mbande zifike mita imodzi.